Kanyenyezi m'foloko ya adadi

LACHITATU

Chitsiriza 07:14
📹 kanema 0:11
njinga ya adadi ndi imeneyo achimwene. mvetserani bwino, ikulira kho kho kutsogoloku

Chisamba 07:31
wagwira buleki yakutsogolo?

Chitsiriza 07:32
eya mmene munanenera. kugwira buleki, kukankha, kubweza

Chisamba 07:33
ika zala pomwe foloko yogwira tayala lakutsogolo yalowera mu frame, mmunsi mwa chiwongolero. ubwerezenso

Chitsiriza 07:36
ikugwedera ngati mano a ana amkalasi mwanga

Chisamba 07:37
headset yakhwefuka. ndi pomwe pali ma bearing ozungulitsa chiwongolero. si nkhani yaikulu koma adadi asakwere ili choncho

Chitsiriza 07:38
auzeni nokha. ine akundiyankha kut "ndakonza njinga zaka 41, kulira kwa chitsulo ndimakudziwa"

Chisamba 07:39
vuto ndi lomwelo. foloko imeneyo si chitsulo, ndi carbon. ndinawauza tsiku lomwe ndinaitumiza

Chitsiriza 07:39
number yao muli nayo

Chisamba 08:02
ndikawaimbira amangofunsa ngati kuno kukugwa mvula. kenako "chabwino, moni akuntchito" bas phone yaduka. zaka 6 nkhani ndi ya mvula

Chitsiriza 08:04
kkkk nanunso mumayankha za mvula yomweyo. mwana wa bambo ake

Chitsiriza 08:06
koma nkhani ndi ya Lamulungu. atelala, mnzao wa adadi uja, akusamuka Lolemba, mwana wao akudzawatenga azikakhala naye. ndye Lamulungu ndi ulendo wao womaliza wapanjinga awiriwa. kumlatho nkubwerako

Chisamba 08:07
amapitabe kumlatho?

Chitsiriza 08:08
sabata iliyonse, chiyambire ine ndisanabadwe. kungoti pano amapuma katatu panjira. akuti amapumira atelala. atelala akuti amapumira adadi

Chisamba 08:10
pali mtsetse uja usanafike pamlatho. sangatsike pamenepo ndi chiwongolero chogwedera

Chitsiriza 08:11
ndye nenani zochita. ndikaweruka ndiyesa

Chisamba 08:19
▶ voice 0:54
Mvera bwino iwe. Pamwamba pa chiwongolero, pakatikati, pali kachivindikiro kozungulira, kali ndi bawuti imodzi. Usayambe ndi imeneyo. Yamba ndi mabawuti awiri a m'mbali, amene agwira chiwongolero ku paipi ya foloko. Uwamasule pang'ono, osachotsa. Ukatero umange ya pamwamba ija pang'onopang'ono, zala ziwiri zokha, ngati ukutseka botolo la mankhwala. Uziyesa buleki. Ikasiya kulira usiye pomwepo, uwongole chiwongolero chilunjike tayala, umangenso awiri a m'mbali aja. Alen key yomasulira mabawutiwo ndinaika m'kathumba ka pansi pa chishalo.

Chitsiriza 08:20
yes bwana. belu lalira

Chitsiriza 15:12
achimwene bawuti yapamwamba ikungozungulira. ndikumanga koma sikulimba

Chitsiriza 15:13
ndipo kulira kuli pomwepo

Chisamba 15:26
chotsa kachivindikiroko ujambule mkati

Chitsiriza 15:30
📷 chithunzi
pali kachitsulo katuluka kokha. ndathyola?

Chisamba 15:31
ayi. kameneko ndi ka expander. kamakhala mkati mwa paipi, ukakamanga kamatambasuka nkugwira makoma, ndye bawuti yapamwamba imakoka pamenepo. ako katha mano, kakuterereka

Chisamba 15:33
ndipo kolakwa ndi kanga. ndinaika kakafupi komwe ndinapeza pashelefu, ndinkathamangira basi yoti itenge njingayo

Chitsiriza 15:34
ndasunga message imeneyi. achimwene avomera kulakwa, Lachitatu 3:33

Chisamba 15:35
iwe

Chisamba 15:36
pafunika katsopano. koma tiyeze kaye mkati mwa paipi, ma size amasiyana. rula siingathe. pafunika vernier

Chitsiriza 15:37
ayi

Chitsiriza 15:37
ayi ayi. choyezera chija chamkabokosi? mukufuna ndithamangitsidwe pakhomo pano

Chisamba 15:38
ali kuti?

Chitsiriza 15:39
kwa atelala, akuwathandiza kumasula makina osokera

Chisamba 15:39
ndye ukudikira chani

Chitsiriza 15:51
📷 chithunzi
chikadali mdrowa yomweyo, chokulunga mkansalu ka amayi kamaluwa kaja. ndikungosuzumira kukhomo ngati ndili ndi zaka 8

Chisamba 15:52
ine ndinachigwira koyamba ndili ndi zaka 15. anandisambitsa mmanja kawiri

Chitsiriza 15:53
ine sanandilole nkomwe. ntchito yanga inali kukhala pachitini cha penti nkumatola ma bearing ogwa pansi

Chisamba 15:54
unkawabisa msokosi nkumakasewera nawo kusukulu

Chitsiriza 15:54
umboni mulibe

Chisamba 15:56
lowetsa timano ting'onoting'ono tammwambato mpaipi, utambasule mpaka tigunde makoma. ujambule manambala

Chitsiriza 16:01
📷 chithunzi

Chisamba 16:02
23.6. tsopano yeza kuchokera pamwamba pa paipi kufika mmunsi mwa bawuti yachiwiri yammbali

Chitsiriza 16:05
38 kapena 39, maso anga si a mechanic

Chisamba 16:06
zakwana. bweza mmene unachipezera, mfundo ya kansalu iyang'ane kukhoma. amadziwa

Chitsiriza 16:07
mukukumbukira mpaka mfundo koma kuwaimbira phone ayi

Chitsiriza 16:40
achimwene?

LACHINAYI

Chitsiriza 06:48
andifunsa kut bwanji njinga ili yomasula. ndawauza kut kachitsulo kamkati katha, ndikagula ktown ndikaweruka

Chisamba 07:05
ati chani

Chitsiriza 07:06
"wakuuza ndani." ndati inu. angoti "oho" nkupitiriza kumwa tiyi

Chisamba 07:07
oho yaitali kapena yaifupi

Chitsiriza 07:07
yaifupi

Chisamba 07:08
zaipa

Chitsiriza 14:35
ndafika mshop ya njinga. mulibe fungo la girisi muno, mukununkhira ngati ku pharmacy

Chisamba 14:37
ndi mmene zilili pano. kuno timavala ma gloves

Chitsiriza 14:38
amayi akanakondwa. matawulo onse mnyumba anali ndi zala zanu ndi za adadi

Chitsiriza 14:44
📷 chithunzi
📷 chithunzi
📷 chithunzi
atatu awa. wogulitsa akuti onse ndi chimodzimodzi

Chisamba 14:46
akunama. koyambako nkakafupi ngati kakale kaja, tibwerera pomwepo. kachiwiri kalembedwa chani pa paketi?

Chitsiriza 14:47
24 to 25

Chisamba 14:47
nkakakulu, sikalowa. kachitatu?

Chitsiriza 14:48
22 to 24, kutalika 45

Chisamba 14:50
kameneko. 23.6 ili mkati, ndipo nkakatali kodutsa mabawuti onse awiri. ukamanga chiwongolero kunja, iko kamachirikiza paipi mkati kut isaphwanyike. khudza mmbali, nkokhakhala?

Chitsiriza 14:51
ngati lilime la mphaka

Chisamba 14:51
tenga

Chitsiriza 14:53
pali tina tonga nyenyezi tachitsulo, ngati tija adadi ankasunga mchitini cha mkaka. akuti tiliponso

Chisamba 14:54
usayerekeze. kanyenyezi nka paipi yachitsulo, kamakhomedwa ndi hamala, mano ake amaluma chitsulocho. carbon ndi ulusi womata ndi guluu. ukakhomamo kanyenyezi wadula ulusi

Chitsiriza 14:55
ndamva. ndangofunsa poti ndatikumbukira. ndinkapempha kamodzi ndipange mkanda

Chisamba 14:56
anakupatsa?

Chitsiriza 14:57
atelala ndi amene anandibera. anandiikiramo ulusi wofiira pakhonde la shop yathu pomwepo, adadi akuyang'ana kumbali dala

Chitsiriza 16:52
achimwene zodabwitsa. ndafika njinga ili chilili pabwalo, yomanga kale. sikuliranso

Chitsiriza 16:53
adadi akuti akonza

Chisamba 16:54
akonza ndi chani? kachitsulo kakale kaja kali kuti?

Chitsiriza 16:56
kali pazenera pomwe ndinakasiya

Chisamba 16:56
ndye bawuti yapamwamba yagwira pachani

Chisamba 16:57
chotsa kachivindikiro uone

Chitsiriza 16:59
sindingathe. akhala pambali pake akuipukuta masipoko mmodzimmodzi. akuimba mluzu

Chisamba 17:00
afunse

Chisamba 17:09
iwe

Chisamba 17:25
📞 missed call

Chisamba 17:26
asakwere chonde

Chitsiriza 18:10
azungulira nayo pabwalo kawiri bas. ndiona mawa akamasamba. msandiimbire, ali pompano

LACHISANU

Chitsiriza 06:21
📷 chithunzi

Chitsiriza 06:21
ndi kanyenyezi eti

Chisamba 06:22
eya

Chitsiriza 06:23
chitini cha mkaka chija chili pa benchi mshedi. ndinkayesa chinatayika potseka shop

Chisamba 06:27
▶ voice 0:41
Ndinanena. Ndinanena ine. Chaka chathunthu ndakhala ndikutolera zitsulo za njinga imeneyo, chimodzichimodzi, kuti maondo awo apume ku chinjinga cholemera chija. Iwo tsiku limodzi, hamala. Samva za munthu. Sanamvepo za munthu chibadwire. Foloko imeneyo ikathyokera pamtsetse paja, pa liwiro, munthu wa zaka 72, ukuganiza tikatola chiyani? Bisa njingayo. Ikiye m'chipinda mwako, kiyi upite naye kusukulu.

Chitsiriza 06:31
achimwene inali pa speaker

Chitsiriza 06:31
anali kumbuyo kwanga ndi tawulo

Chitsiriza 06:35
Ndine bambo ako. Ndabwereka foni ya mlongo wako. Njinga sikulira. Ndayesa ndekha.

Chisamba 06:37
mwadzuka bwanji adadi

Chitsiriza 06:39
Ndadzuka. Nyenyezi ndakhoma zambiri kuposa masiku amene iwe wagwira sipanala. Palibe inabwerera.

Chisamba 06:41
ndikudziwa adadi. koma zonsezo zinali mchitsulo. iyi ikhoza kuoneka bwinobwino kunja mkati itang'aluka. siipindika kaye ngati chitsulo, imangothyoka kamodzi

Chitsiriza 06:45
Ndiye unanditumizira chidole.

Chisamba 06:46
si chidole. ndi njinga yabwino, kungoti ili ndi kakonzedwe kake

Chisamba 06:48
ndi zomwe ndinkanena mshop muja, kut tiphunzire njinga zatsopanozi makasitomala asatithawe. munati amene akufuna zapulasitiki chitseko ndi icho. ndinatuluka. patatha zaka ziwiri shop inatsekedwa

Chisamba 06:55
adadi

Chitsiriza 06:58
ndi ine. andibwezera phone. alowa mshedi atseka

Chitsiriza 06:58
zomaliza zija zinali zofunika?

Chisamba 07:00
ndanama?

Chitsiriza 07:01
simunaname. ndachedwa kusukulu

Chisamba 07:02
wakiya njinga?

Chitsiriza 07:03
ali nayo mshedimo. ndiwalande?

Chitsiriza 09:42
▶ voice 1:58
Ndili pa break, ndiye mundimvere osandidula. Inu dzulo simunawaone. Atelala andiuza zonse m'mawa uno pa geti. Ine nditangochoka, adadi anameta ndevu, anavala ovolosi ya buluu ija, yong'ambika pabondo. Chimwalirire amayi sanaivalepo. Anatulutsa bokosi la zida, anayala zonse pa benchi mwa dongosolo lake lija, zazing'ono kumanzere. Atelala anabwera ndi mpando wawo n'kukhala pakhomo pa shedi, ngati kale pakhonde la shop, wina akusoka wina akukhoma, akukangana za mpira. Akuti adadi anasankha nyenyezi katatu, kuyang'ana pa dzuwa, kubweza, kutenga ina. Atakhoma, kulira kutasiya, akuti anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinafika madzulo n'kupeza munthu akuimba mluzu, achimwene. M'nyumba muno mluzu unatha kalekale. Ndipo mudziwe, njinga imeneyi yakhala ikulira miyezi iwiri, iwo osanena, kuopa kuti mungaganize kuti akunyoza mphatso yanu. Aliyense woima pa geti amamuuza kuti anamanga ndi mwana wanga, nyamulani muone kupepuka kwake. Wogulitsa makala ananyamula. Abusa ananyamula. Alakwitsa, inde. Koma sanakhome chifukwa chosamva. Amafuna akafike pamlatho Lamlungu pa njinga yoti aikonza okha, mnzawo akuona. Basi, ana alowa.

Chisamba 09:50
ndamva

Chisamba 10:31
ovolosi ija bondo ndinang'amba ndine. ndinaivala mobisa ndili form 1, inakodwa mu tcheni

Chisamba 10:32
sanandikalipire. anangoti "ukule kaye"

Chitsiriza 10:58
ndye mwakula?

Chisamba 11:04
aike adadi mu group muno

Chitsiriza 11:05
mukutsimikiza? muli ma message onse, za vernier zomwe

Chisamba 11:05
akale sawaona. aike

Chitsiriza wawonjezera Adadi

Chisamba 11:14
Adadi, ndine. Pepani ndi mawu a m'mawa aja, za shop sizinayenere kubwera pamenepo. Ndipo vuto linayamba ndi ine, kachitsulo kanga ndi kamene kanaterereka.

Chisamba 11:17
Sindikuti mukhulupirire ine. Chotsani foloko muiyese nokha, mmene munkayesera ma frame a anthu ogundidwa ndi galimoto. Igogodeni pang'ono ndi kasipanala kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Khutu lanu likakuuzani kuti ili bwino, sindinenanso kanthu.

Chisamba 11:18
Carbon yabwino imalira mowala. Yong'aluka imalira mogontha.

Chisamba 12:20
aona?

Chitsiriza 12:33
ma tick ndi a blue. ndipo mukulemba mu group, akuonanso zimenezi

Chisamba 12:34
ok

Chisamba 13:47
Adadi, mwadya?

Chitsiriza 15:38
ndafika

Chitsiriza 15:41
foloko yachotsedwa. ili patebulo lodyera, ayala kansalu ka amayi kaja. ali ndi tochi ndi magalasi onse awiri, owerengera ndi enawo, ophatikiza

Chitsiriza 15:42
tiyi wammawa ali pomwepo

Chitsiriza 15:43
adadi pepani ndikudziwa mukuwerenga

Chisamba 15:44
asiye

Adadi 16:19
▶ voice 2:21
Kodi zikujambula? Chabwino. Tamvera. Apa ndi pansi, pafupi ndi ma bearing. Wamva? Ngwee. Apa pakati. Ngwee. Tsopano apa, pomwe pali nyenyezi. Phu. Ndibwereze. Phu. Ndaunika ndi tochi, pali kamzere koyera kotsika kuchokera pa dzino limodzi, kutalika ngati chikhadabo. Dzulo sikanalipo. Yang'aluka. Ndayesa kanayi kufuna kuti khutu lindinamize, lakana. Iwe, ukukumbuka uli ndi zaka 17, unadula foloko ya mphunzitsi uja, wamtali uja, unaidula kufupikitsa? Unalira, unati ndikamuuze ndine kuti inabwera choncho. Ndinakana. Ndinakunyamulitsa foloko, unayenda wapansi mpaka kwawo, ukanene ndi pakamwa pako kuti ndalakwitsa ndine. Amayi ako sanandilankhule masiku awiri. Ndinati mmisiri amanyamula yekha chimene waononga. Ndiye lero ndi ine. Kwanuko n'kutali, sindingayende wapansi. Ndaononga foloko yako, mwana wanga. Unanena, sindinamve. Dzulo lomwe, ndi kale lomwe. Atelala ndiwauza ndekha kuti Lamlungu ndiwaperekeza ndi maso. Kodi ndizimitsa pati ichi?

Chitsiriza 16:24
ndili kubafa ndikulira ngati chitsiru, wina alankhule

Chisamba 16:31
Adadi, mphunzitsi uja anandipatsa madzi akumwa n'kundiuza kuti bambo ako ndi munthu. Sindinakuuzeni chifukwa ndinali nditakwiya.

Chisamba 16:33
Atelala musawauze kaye. Dikirani.

Chisamba 16:58
kuno kuli foloko ya size yomweyo, yatsopano, paipi yosadula. abwana andilola nditenge

Chitsiriza 16:59
ikafika Lamulungu lisanakwane? ma parcel a basi amatenga masiku atatu

Chisamba 17:01
parcel siifika. ndipo pafunika kudula paipi ndi sowo yake, kusamutsa ring ya pansi ya ma bearing, kumanga ndi sipanala yoyeza mphamvu. si za pa phone

Chitsiriza 17:02
ndye?

Chisamba 17:06
ndapempha off ya mawa. Loweruka ndi tsiku lodzadza kuno, abwana andiyang'ana ngati ndapempha impso. koma alola

Chisamba 17:07
basi ya 6 mmawa imafika cha mma 1

Chitsiriza 17:07
achimwene

Chitsiriza 17:08
ka expander ndili nako mchikwama, sindinatsegule nkomwe

Chisamba 17:09
sunga. tiyezanso paipi yatsopanoyi koma kakwana

Chisamba 17:12
Adadi, shedi ndi yanu, benchi ndi yanu. Sindibwera ngati simukufuna. Ndibwere?

Chitsiriza 17:25
aona

Chitsiriza 17:26
atuluka panja ndi phone. aima pa geti

Chisamba 17:40
ticket amasiya kugulitsa 6

Chitsiriza 17:41
ndikudziwa. sindiwakakamiza

Chitsiriza 17:47
akulemba. chala chimodzi

Chitsiriza 17:50
afufuta. ayambiranso

Adadi 17:53
Bwera. Utenge zida zako, zanga sizikuidziwa njinga imeneyi.

Adadi 17:55
Ine ndidzakugwirira tochi.